Makina Oyeza Mpweya Atachita Ng'ala

Mwezi uno ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga. M'mwezi wa April ndidalemba m'kalata ya nkhani ya bungwe lathu kuti mwaye wa mumpweya pasukulu ina yapulayimale udatsika kwambiri, ndipo ndidati izi zidatheka chifukwa cha ntchito yomwe tidagwira limodzi ndi komiti ya msika woyandikana ndi sukuluyo. Nkhaniyo idakondweretsa aliyense. Anzathu otithandiza ndi ndalama adatiyamikira, akomiti ya msika adaiwerenga pamsonkhano wawo, ndipo ine ndidayenda monyadira kwa masabata angapo. Koma nkhaniyo sidali yoona. Chomwe chidasintha si mpweya ayi, koma kakamera kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene kali m'kati mwa makina athu oyezera mpweya. Kakamerako kadachita ng'ala, ndipo diso la ng'ala limaona chinthu chakuda ngati chotuwa.

Ndafuna ndikufotokozereni m'mene tidasinthira kakamerako, chifukwa makina otere akuchuluka m'mizinda ya m'chigawo chathu chino, ndipo tsiku lina adzafunika kukonzedwa ndi anthu ngati inu ndi ine, amene sitidaphunzire za uinjiniya.

Poyamba timvetsetsane za chomwe timayeza. Mu utsi wa nkhuni, wa makala, wa zinyalala ndi wa magalimoto a dizilo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Akatswiri amatitchula kuti PM2.5, kutanthauza kuti kukula kwake sikupitirira ma micrometre 2.5. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ka 30 kuposa kanthu kamodzi koteroko. Chifukwa cha kuchepa kwake, timalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo, ndipo tina timadutsa n'kulowa m'magazi. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatsitsa mlingo womwe limati ndi woyenera, kuchoka pa ma microgram 10 kufika pa ma microgram 5 pa cubic metre iliyonse ya mpweya, powerengera chaka chonse. Bungwe lomweli lidati mu 2020 utsi wa m'nyumba zophikiramo udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo mwa iwo ana osakwana zaka zisanu adali oposa 237,000. Ku Malawi, kumene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, nkhaniyi si ya kutali.

Mwa tinthuti muli gawo lakuda bii, lomwe kwathu timalidziwa ndi dzina lakuti mwaye, uja umamatirira kutsindwi kwa khitchini ndi kunsi kwa mphika. Mwaye ndi mboni yabwino ya moto, pakuti fumbi la mumsewu silida chomwecho. Ukadziwa kuchuluka kwa mwaye, umayamba kudziwa ngati chomwe chikuipitsa mpweya ndi kuotcha kapena ndi mphepo yanyamula dothi.

Makina athu ndi kabokosi kotuwa, kofanana kukula ndi sutikesi ya mwana wa sukulu yogonera komweko. Tidakamangirira padenga la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, m'tauni ina ya kum'mwera kwa Malawi, ndipo kamalandira mphamvu kuchokera ku sola ndi batire. M'kati mwake muli zoyezera ziwiri. Choyamba chimawerenga tinthu tonse ta PM2.5 pogwiritsa ntchito kuwala. Chachiwiri ndicho cha mwaye. Kapampu kamakoka mpweya kudutsa pakalamba ka pepala loyera losefera, ndipo mwaye umatsala papepalapo n'kupanga kadontho kozungulira. Ikakwana nthawi, kababu kamayaka m'kachipinda kamdima, kamera n'kujambula kadonthoko pamodzi ndi kakhadi kokhala ndi mitundu yodziwika, kuyambira poyera mpaka pakuda. Kakompyuta ka m'bokosimo kamayerekeza kuda kwa kadontho ndi mitundu ya pakhadi, n'kutumiza nambala kuofesi kwathu kudzera pa netiweki ya foni.

Njira imeneyi sitidaipeke ife. Ku India, m'midzi ya ku Uttar Pradesh, ntchito yotchedwa Project Surya, yomwe adaitsogolera Veerabhadran Ramanathan wa ku Scripps Institution of Oceanography, idaonetsa kuti chithunzi chojambulidwa ndi foni wamba chingathe kuyeza mwaye wa papepala losefera. Nithya Ramanathan ndi anzake adasindikiza zotsatira za njirayi mu 2011. Ubwino wake ndi wakuti ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi makina aakulu a m'malaboletale. Kuipa kwake ndidakuphunzira mochedwa: zonse zimadalira diso limodzi, ndipo disolo likadwala silidandaula.

Kuseri kwa mpanda wa sukuluyo kuli dzala la msika. Kwa zaka zambiri osesa mumsika akhala akuotcha zinyalala m'mamawa, mapepala, majumbo, makoko a chimanga ndi zotsala za kabichi zonse pamodzi, ndipo utsi wake umalowa m'makalasi a ana aang'ono nthawi ya phunziro loyamba. M'mwezi wa January tidagwirizana ndi komiti ya msika kuti zowola azizikwirira m'dzenje la manyowa, ndipo tidapempha akuluakulu oona za ukhondo m'tauniyo kuti aike chimbiya cha zinyalala chomwe galimoto izidzanyamula. Kuyambira February nambala za mwaye zidayamba kutsika, ndipo zidapitiriza kutsika sabata ndi sabata. Ine, amene ntchito yanga ndi kufalitsa nkhani za bungwe, ndidaona chomwe mtima wanga udali kufuna kuona.

Zizindikiro zochenjeza zidalipo. Choyezera choyamba chija, cha PM2.5, chidatsika pang'ono nthawi ya mvula monga chimachitira chaka chilichonse, pakuti mvula imatsuka mpweya, koma chitafika mu May chidayamba kukweranso. Cha mwaye chokha ndicho chidapitiriza kutsetsereka. Mphunzitsi wamkulu adandiuzanso pamaso. Adati, "Achemwali, nkhani yanu ija taiwerenga, koma bwerani m'mawa wina isanakwane seveni koloko mudzaime pakhomo la Sitandade 1." Ndidaseka mwaulemu n'kuwauza kuti makina sanama. Lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimachita manyazi.

Amene adatulukira vutolo ndi mtsikana wina wophunzira pasukulu yaukachenjede, yemwe amadzatithandiza nthawi ya tchuthi. Iye sadakhutire ndi nambala, adafuna kuona zithunzi zenizenizo. Atazitsegula pakompyuta n'kuzindandalika kuyambira December mpaka June, tonse tidaona. Zithunzi za December zidali zooneka bwino, mpaka ulusi wa pepala umaoneka. Za March zidali ngati wajambula kudzera pazenera la minibasi m'mawa wa chisanu. Za June zidali ndi chimtambo choyera pakati penipeni, pomwe pamakhala kadontho ka mwaye. M'mbali, momwe muli kakhadi ka mitundu, mudali mowonekabe bwino. Choncho kakompyuta kamaona khadi lili bwinobwino, n'kumakhulupirira kuti kuyera kwa pakatipo ndi kwa mpweya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titatsitsa bokosilo tidapeza gwero lake. Kamphira kotseka pabowo pomwe nthambo ya sola imalowera kadang'ambika ndi dzuwa. Madzi a mvula amatsetsereka ndi nthamboyo n'kumadontha m'kati pang'onopang'ono. Masana bokosi likatentha madziwo amasanduka nthunzi, usiku kukazizira amakhala pagalasi la kamera, ndipo m'kupita kwa nthawi m'kati mwa galasilo mudamera chuku. Kupukuta kunja sikudathandize. Padafunika kamera ina.

Apa ndi pomwe mavuto a ntchito zachitukuko adaonekera poyera. Katswiri amene adaika makinawo adachoka pomwe gawo loyamba la ntchito lidatha. M'ndondomeko yathu ya chuma mudali ndalama zogulira makina, zochitira mwambo wotsegulira ndi zosindikizira zikwangwani, koma mudalibe ndi tambala yomwe ya zipangizo zosinthira. Kakamerako pakokha ndi kotchipa, sikafika ndi mtengo wa foni yam'manja yabwino. Koma sikapezeka m'sitolo za m'tauni mwathu, ndipo kuitanitsa kanthu kunja masiku ano ndi nkhani ina, ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Tidadikira masabata asanu ndi awiri. Katafika, tidapeza kuti kalamba kake ka nthambo sikalowa. Makamera amtunduwu amalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala, ndipo pali milomo ya mitundu iwiri, wina wa timizere 15, wina wopanikizana wa timizere 22. Ife tidaitanitsa osawerenga. Mwamwayi mnzathu wina adali kubwerera kuchokera ku Johannesburg, ndipo adatitengera kalamba koyenera m'thumba la jekete.

Funso lotsatira lidali lakuti adzasinthe ndani. Ena muofesi adati tidikire mpaka otithandiza atumize katswiri. Woyendetsa galimoto yathu ndiye adati, "Bwanji osafunsa achimwene aja amakonza mafoni pakhomo la msika? Tsiku lililonse amasintha makamera ang'onoang'ono kuposa amenewa." Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tidapita kukawaona pakabenchi kawo. Adatembenuza kakamerako kawiri, n'kufunsa ngati tili ndi buku la makinawo. Titawapatsa, adati tibwere Loweruka m'mawa, ndipo ntchitoyo ichitikire m'chipinda chotseka mazenera, osati pamsika pomwe pali fumbi.

Ndidakhala pambali pawo ndi kope langa, ndipo zomwe ndidalemba ndi izi. Asanakhudze chilichonse adajambula m'kati mwa bokosilo ndi foni yawo, mbali zonse, kuti pobwezera asadalire kukumbukira. Kenaka adauza mtsikana uja kuti akopere zonse za pakakhadi kosungira zinthu n'kuziika pakompyuta. Adazimitsa makinawo mwadongosolo, n'kuchotsa nthambo ya sola, kenaka ya batire. Adandifotokozera kuti kuzula kalamba ka kamera magetsi ali m'kati kungathe kupsereza kamera yatsopano kapena kakompyuta komwe. Atatero adagwira chitsulo cha mpopi wa madzi ndi manja onse awiri. Ndidafunsa ngati ndi mwambo. Adaseka n'kunena kuti, "Ayi achemwali, thupi limasunga timagetsi tija timathetheka mukavula juzi usiku. Kwa inu n'zoseketsa, kwa kamera ndi imfa."

Kamera yakale idamangidwa ndi timabawuti tinayi, ndipo adatiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisagubuduke. Polumikizira kalamba pali kachingwe kapulasitiki kokhoma, kamene kamakwezedwa pang'ono chabe ndi chikhadabo. Apa ndi pomwe ambiri amaononga, chifukwa kakathyoka ndiye kuti basi, pafunika kusintha zambiri. Kalambako kali ndi mbali yonyezimira ndi mbali yosanyezimira, ndipo koyenera kulowa moongoka, mbali yonyezimira itayang'ana komwe kuli timano ta polumikizirapo. Kakalowa mopendekeka kamera imagwira ntchito lero, mawa n'kusiya. Adakalowetsa, n'kukhoma, n'kukakoka pang'ono kuti aone ngati kagwira. Kapepala koteteza galasi adakachotsa pomalizira penipeni, osakhudza galasilo ndi chala.

Ine ndidaganiza kuti tatha, koma apa ndi pomwe ntchito idayambira. Makamera ambiri otere amachoka kufakitale atakonzedwa kuti aziona zinthu zakutali, pamene pepala lathu lili pafupi kwambiri ndi galasi. Padafunika kupotoza galasilo pang'onopang'ono ndi kachida kake. Adang'amba kachidutswa ka nyuzipepala n'kukaika pamalo pa pepala losefera, ndipo adapotoza, n'kujambula, n'kupotozanso, mpaka zilembo zidaoneka zakuthwa m'mbali. Zidatenga pafupifupi ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka mtsikana uja adalowa m'kakompyuta kukaletsa kamera kudzisankhira yokha kuwala ndi mtundu. Kamera ya pafoni imadziwalitsira chithunzi chikada, kuti nkhope zioneke bwino. Zimenezo ndi zabwino paukwati, koma pamakina oyeza kuda kwa chinthu ndi bodza lenileni.

Tisanatseke bokosi tidachiza nthenda yomwe idapha kamera yoyamba. Tidasintha kamphira kong'ambika kaja, ndipo nthambo ya sola tidaipinda kuti izitsika kaye pansi isanakwere kulowa m'bokosi, kuti madzi azidonthera panja. M'kati tidaikamo timatumba toyamwa chinyontho, tofanana ndi tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, ndipo tidalemba pachitseko tsiku loti tidzasinthidwe. Zonsezi pamodzi sizidafike ndi mtengo wa chakudya chamasana cha pamsonkhano umodzi wa kuhotela.

Kamera yatsopano siona chimodzimodzi ndi yakale, ngakhale zitakhala za mtundu umodzi. Choncho padafunika kuiyesa. Tidajambula pepala loyera losagwiritsidwa ntchito kuti tione ngati makina anena kuti palibe mwaye. Tidajambulanso mapepala akale a December, a nthawi yomwe kamera yoyamba idali bwino, kuti tione ngati nambala zikufanana. Pomaliza tidabwereka makina ena kwa anzathu ofufuza n'kuwaika pambali pa athu kwa masabata awiri, kuti onse apume mpweya umodzi. Pokhapo ndi pomwe tidayambanso kukhulupirira nambala zathu. M'kope la makinawo tidalemba tsiku losinthira kamera, kuti aliyense wodzaona nambalazi m'tsogolo adzadziwe pomwe diso lidasinthira.

Mwina mwafunsa kale kuti mapepala a December tidawapeza kuti. Apa ndiyenera kuthokoza mphunzitsi wa sayansi wa pasukulupo. Iye ndiye amakwera pamakwerero kukasintha kalamba ka pepala kakatha. Palibe adamuuza kuti azisunga akale, koma iye amawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'maenvulopu olembedwa masiku, n'kuwasunga m'kabati pamodzi ndi choko. Chifukwa cha khama lakelo, miyezi yomwe timayesa kuti yatayika idapezekanso. Kamera idanama, koma pepala lidasunga mwaye wonse monga udagwera. Tidajambula madontho onse kachiwiri ndi kamera yatsopano. Pambuyo pake ndidamva kuti ofufuza a ku Carnegie Mellon University adachita zofanana ndi zimenezi, pojambula ndi foni malamba akale a m'makina a kumaofesi a kazembe wa America m'mizinda monga Accra ndi Addis Ababa, ndipo adasindikiza zotsatira zake mu 2024.

Zomwe madonthowo adanena sizidali zokoma. Mwaye udatsika nthawi ya mvula, n'kukweranso kutayamba kuzizira, monga momwe choyezera china chija chidasonyezera. Ngati ntchito yathu ndi komiti ya msika idathandiza, thandizolo lidali laling'ono moti sitingalisiyanitse ndi ntchito ya mvula. Madontho a m'mamawa adali akuda kuposa a masana. Mphunzitsi wamkulu adanena zoona.

Lolemba lake ndidalowa muofesi ya mayi amene amatsogolera bungwe lathu. Ndidali nditakonza kale njira yothawira. Ndidati tingosiya kutchula nkhani ya April ija, ndipo lipoti la chaka likamatuluka tidzaike nambala zolondola mwakachetechete. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adatulutsa kalata m'kabati. Idali yochokera kwa akuluakulu oona za ukhondo aja. M'kalatamo adatiyamikira chifukwa cha zotsatira zabwino, ndipo adati popeza vuto la utsi pasukulupo latha, chimbiya cha zinyalala chomwe tidapempha achipereka kudera lina. Mayiwo adati, "Mwaona? Nkhani yanu idayenda, ndipo yagwira ntchito. Tsopano lembani ina, ndipo iyende mtunda womwewo."

Ndidalemba. Ndidaiika patsamba loyamba pomwe padali yoyamba ija, ndi zilembo za kukula komweko. Ndidafotokoza chomwe chidaonongeka, m'mene tidachidziwira, ndi zomwe nambala zolondola zikunena. Tidapita nayo kwa akuluakulu aja pamanja, ndipo tidakaimanso pamaso pa komiti ya msika. Kumeneko ndiko kudali kovuta, pakuti anthuwo adakumba dzenje la manyowa ndi manja awo, ndipo tidawauza kuti apambana. Wapampando wawo, bambo wachikulire wogulitsa nsomba zouma, adakhala chete kwakanthawi, kenaka adati, "Mwana wanga, ife timadabwa kale, chifukwa majumbo timaotchabe. Tikanawataya kuti? Tinkangoti mwina makina anu ndi aulemu." Anthu adaseka, ine ndidaseka nawo, koma mawuwo adandilasa. Pempho la chimbiya tidalilembanso, ndipo pano likudikira yankho.

Chomwe chidandilimbitsa mtima ndi chitsanzo cha kwathu konkuno. Ofufuza adachita kafukufuku wamkulu ku Chikhwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, pofuna kuona ngati mbaula zamakono zochepetsa utsi zingachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Ambiri amayembekezera yankho lakuti inde. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, zidati chibayo sichidachepe. Sadabise. Ndipo chifukwa sadabise, anthu ogwira ntchito imeneyi adayamba kufunsa mafunso abwino, monga lakuti mwana amapuma utsi wochokera kuti kupatula kukhitchini kwa mayi ake. Dzala la msika lili kuseri kwa sukulu yathu ndi limodzi mwa mayankho a funso limenelo.

Nambala zolondola zili ndi mphamvu. Ku South Africa, mu March 2022, khothi lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti mpweya woipa wa kudera la Highveld, komwe kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha, ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala m'malo osaononga thanzi lawo. Mlanduwo adaubweretsa ndi mabungwe a groundWork ndi Vukani Environmental Justice Movement. Mlandu wotere sungaime popanda umboni wa zoyezedwa. Koma mphamvu yomweyo ndi imene imachititsa nambala yolakwa kukhala yoopsa. Malo opanda makina, anthu amakhulupirira mphuno zawo ndi chifuwa cha ana awo. Malo okhala ndi makina onama, mphunozo zimauzidwa kuti zikhale chete.

Maiko a SADC adagwirizana kale ku Lusaka mu 2008 za mfundo zothana ndi kuipa kwa mpweya, ndipo kuyeza ndi gawo la mfundozo. Komabe m'mizinda yambiri ya kuno makina odalirika ndi ochepa, ndipo ena mwa ochepawo ndi a eni ake. Mu March 2025 boma la America lidalengeza kuti lasiya kufalitsa nambala za mpweya zochokera kumaofesi a akazembe ake, ponena kuti ndalama zachepa, ndipo mizinda ingapo ya mu Africa idataya gwero lomwe imadalira. Kumbali ina, ku Makerere University ku Kampala, ntchito ya AirQo, yomwe adaiyambitsa Pulofesa Engineer Bainomugisha, imapanga makina ake komweko, opangidwa moganizira fumbi, kutentha ndi kuthimathima kwa magetsi, ndipo amawaika ngakhale panjinga zamoto zonyamula anthu. Amene wapanga yekha chinthu amadziwanso pochitsegulira.

Sitonse tingapange makina, koma pali zomwe tingachite. Kwa anzanga a m'mabungwe, kaya muli ku Chipata, ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Harare, ndikupempha zinthu zochepa. Polemba ndondomeko ya chuma, ikanimo zipangizo zosinthira ndi malipiro a wokonza, ndipo kamera, kalamba kake, timphira ndi kapampu zibwere limodzi ndi makinawo tsiku loyamba. Musalandire makina opanda buku lake. Katswiri woika makina asachoke asanaphunzitse munthu wa pamalopo, ndipo musanyoze anyamata ndi atsikana okonza mafoni, pakuti manja awo adazolowera kale ntchito imeneyi. Kamodzi pamwezi, wina atsegule zithunzi zenizeni n'kuziona ndi maso. Sungani mapepala akale ndi masiku ake. Ndipo nambala zikayamba kukoma kwambiri, makamaka zikamakomera inuyo, imeneyo ndiyo nthawi yokwera padenga.

Okonza mafoni aja tidawalemba m'kope lathu ngati munthu woitanidwa makina akavuta, ndipo amalandira kangachepe miyezi itatu iliyonse akabwera kudzaona bokosilo. Kamera yakale ndidaipempha. Ili patebulo langa, pafupi ndi kompyuta yomwe ndimalembera nkhanizi.

Sabata yatha ndidapita kusukulu kuja isanakwane seveni koloko, monga adandiuzira mphunzitsi wamkulu miyezi ingapo yapitayo. Ndidaima pakhomo la Sitandade 1. Utsi udali kutsika pampanda n'kulowa pamazenera opanda magalasi, ndipo ana adali kuyimba nyimbo ya mawerengero, ena atatseka mphuno ndi kolala ya yunifolomu. Padenga, kapampu kadali kulira motsitsa. Nditafika kuofesi ndidatsegula chithunzi cha ola limenelo. Kadontho kadali kakuda, ndipo ulusi wa pepala umaoneka bwinobwino m'mbali mwake. Chithunzicho ndachiika pamodzi ndi kalata yathu yachitatu yopempha chimbiya.

Tikumanenso mwezi wamawa.